Miyezi Iwiri Osasamba

Foni inalira Lolemba m'mawa ndikuchotsa nsapato za Clifton pakhomo. Zinali zitakhala pamenepo masabata asanu ndi awiri chimwalirireni mwini wake. Ndinaziiwala polongeza katundu wina yense, ndipo Erin, mwana wathu wa zaka zitatu, ankazivala n'kumagwa nazo.

Woimbayo anali mzimayi wa Chingerezi cha kuno ku Glasgow, chija chomeza mawu. Anati ndi a Bessie, a ku laibulale ya yunivesite kumene Clifton ankachita kafukufuku. Anapepesa za maliro. Kenako anayesa Chichewa chopindika.

"Pepani kwambiri, Mama. Makolo anga ndi a ku Dedza. Ine ndinabadwa kuno, ku Springburn."

"Zikomo," ndinatero.

Nkhani yawo inali iyi. Clifton asanamwalire analemba pepala la kafukufuku wake wa madzi ku Balaka, ndipo magazini ina ya anthu ophunzira inalivomera. Kafukufukuyo analipira ndi boma la kuno. Lamulo limati chimene boma lalipira chisatsekeredwe. Pepalalo liikidwe pa intaneti, pamalo a yunivesite, pomwe aliyense angawerenge ulere, ndipo liikidwe pasanathe miyezi itatu chilivomerereni. Miyezi itatuyo inkatha Lachisanu.

"Apulofesa omwe ankagwira nawo ntchito atipatsa kale lawo," anatero a Bessie. "Palibe choti muchite. Ndangoti mudziwe. Ngati mukufuna kuliona lisanakwere, bwerani."

Ndinapita chifukwa Erin amakhala ku nazale mpaka masana, ndipo m'nyumba ndinali nditasesa kale. Ndinakwera basi pa Maryhill Road. Masiku amenewo fungo la m'basi linkandichititsa nseru, koma chilichonse ndinkangoti ndi maliro.

Ofesi ya a Bessie inali kachipinda koyang'ana pamabini. Iwo anali mayi wojintcha wa zaka ngati makumi anayi, tsitsi lometa, ndolo zazikulu. Anandipatsa tiyi ndi mapepala makumi awiri ndi awiri omanga pamodzi. Pamwamba panali dzina la Clifton Kachingwe. Ndinaliyang'ana ngati mmene ndimayang'anira dzina lake pa makalata a magetsi.

Sukulu ndinalekera Fomu 2, amayi atadwala. Chingerezi ndimawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, koma tsidya ndimafika. Komanso sindinkafuna kuwerenga zonse. Ndinkafuna malo amodzi. M'pepalamo azimayi omwe anawafunsa mafunso sanawatchule maina, anawapatsa manambala. Ndinatsegula masamba kufunafuna Mayi 14. Ndinawapeza pa tsamba 11.

Mzere uja unalipo.

Mayi 14 ndinawamva koyamba m'khitchini mwathu, mwezi wa Epulo. Erin anali atatafuna mahedifoni a bambo ake, ndiye Clifton ankamvetsera zojambula zake poyera, ine ndikusenda mbatatesi. Mawuwo anali a kwathu kwenikweni, mpaka ndinaimitsa mpeni. Mayiyo ankati: "Ine achimwene, mavuto ndi ambiri. Mjigo uli kutali, ndipo pano miyezi iwiri yakwana sindinasambe, ndiye chidebe chikumandilemera."

"Wamva, Maness?" anatero Clifton. "Miyezi iwiri munthu osasamba! Umenewu ndiye umboni. Ndikawerenga mzere umenewu pamsonkhano, azungu onse amasiya kulemba."

"Walemba chiyani?"

"Zomwe wanenazo. Kuti madzi akusowa mpaka mayi watha miyezi iwiri osasamba m'thupi."

Ndinaseka mpaka mbatatesi inagwera pansi.

"Iwe, mayiyo amasamba tsiku ndi tsiku, mwinanso kukuposa. Akukuuza kuti ali ndi pakati."

"Ukunama."

"Kusamba kwa mwezi ndi mwezi. Kwaima. N'chifukwa chake chidebe chikuwalemera."

"Ayi, ayi."

"Funsa amayi ako."

"Ndingawafunse bwanji zimenezo?"

Clifton anakulira ku Namiwawa, m'nyumba yolankhula Chingerezi patebulo. Chichewa chake chinali cha mu minibasi ndi cha kumpira. Anakana kuti ndizimutchula a Clifton, ati iye si bambo anga. Tsikulo anamvetsera mawu aja kasanu, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri. Mwayi wake, pepalalo linali litabwerako kuti akonze zomaliza. Anachotsa mzerewo, analemba zoona zake, natumiza yekha ku magazini. Apulofesa sanawauze. Manyazi.

"Usauze munthu, Maness," anatero. "Akamva anzanga, ndafa ine."

Patatha milungu ingapo anagwa pa masitepe a kuntchito. Madokotala anati ndi mtsempha wa m'mutu.

Ndinabweza mapepala aja kwa a Bessie.

"Ili si limenelo."

"Apulofesa akuti ndi lomaliza lomwe analandira."

"Lomwe analandira iwo. Pali lina. Mzere uwu ndi wolakwika, anaukonza."

Anawerenga mzerewo kawiri. Sanaone cholakwika. Ndinawafotokozera mwachidule, Chingerezi changa n'Chichewa chawo zikuthandizana ngati anthu awiri otsimphina. Anauwerenganso kachitatu.

"Tangofufutani," ndinatero. "Ndi mzere umodzi."

"Sindingathe, Mama. Sindiloledwa kusintha ngakhale kadontho. Lamulo likufuna lenilenilo lomwe magazini inavomera."

"Afunseni a magaziniwo."

"Ndawalembera kawiri. Amayankha pakatha milungu. Ndipo lawo lokongoletsa lija, likadzatuluka, sitiloledwa kuliika. Limakhala lawo. Lathu ndi la mlembi, lomaliza, lopanda zokongoletsa."

"Nanga Lachisanu likafika?"

"Ndiika lomwe ndili nalo. Apulofesa asainira kale." Anasuntha kapu yawo patebulo. "Ndikuuzeni zoona. Likangokwera, anthu amalikopera tsiku lomwelo. Ngakhale tidzasinthe, lakale limayendabe. Mukandipezera lenilenilo, ndi umboni woti ndi lomwe analandira, ndiika limenelo."

M'basi pobwerera ndinaganiza bwinobwino, monga mmene ndimaganizira zogula. Pepalalo likanakhala lotsekeredwa, likanawerengedwa ndi azungu makumi angapo, onse n'kumva chisoni. Koma akulitsegula. Ndiye kuti ana a sukulu ku Zomba aliwerenga. Anamwino a ku Balaka aliwerenga pa foni. Anzake a Clifton a pa gulu la kumpira alijambula tsamba 11 n'kumatumizirana. Katswiri wa madzi yemwe sankadziwa kusamba. Ndipo iye sadzakhalapo kuti anene kuti ndinakonza. Mayi 14 nawonso, munthu waukhondo, adzakhala wauve padziko lonse mpaka kalekale.

Sindinalire. Ndinatsika, ndinakatenga Erin, ndinamuphikira dzira.

Lenilenilo linali mu laputopu ya Clifton. Laputopuyo inali m'sutikesi yakuda pamwamba pa wadirobu. Titaika maliro ku Ntcheu, akuluakulu a kuchimuna anandikhazika pamphasa n'kunena kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka tsiku losudzula. Nditabwerera ku Glasgow ndinalongeza zonse alamu anga a Goodwell, akulu ake a Clifton, akuona pa vidiyo. Ndinakhoma loko iwo akuona. Kiyi ndinaponya m'kabati ya makapu. Chotseka sutikesiyo sichinali loko ayi, anali mawu anga.

Kutsegula mobisa ndikanatha. Koma Erin amaulula zonse. Sabata iliyonse amalankhula ndi bambo ake aakulu pa foni, ndipo Chingerezi chake cha Maryhill iwo amachimva bwino pomwe pali mlandu. Ndipo anthu amenewa ndi mtundu wa mwana wanga. Sindinkafuna kuti dzina langa kumeneko likhale mkazi uja anasolola katundu manda asanaume.

Lachiwiri ndinawaimbira. A Goodwell ndi mphunzitsi wa pulayimale ku Ntcheu. Iwo anakulira kumudzi, bambo awo asanapeze ntchito ya m'tauni.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Taswera, mlamu. Kaya inu ndi kamzungu kathu?"

"Tili bwino. Ndili ndi pempho. Ndikufuna kutsegula sutikesi, nditengemo pepala limodzi mu laputopu ya bambo a Erin. A yunivesite akulifuna pofika Lachisanu."

Kumbuyo kunkamveka ana akuimba matebulo a masamu.

"Mlamu, tinakhala pansi paja."

"Tinakhala."

"Azungu ali ndi malamulo awo, ifenso tili ndi athu. Iwo adikire. Munthu wamwalira, pepala likuthamangira kuti? Lili ndi maliro nalonso?"

"Ndi lamulo la boma, alamu. Akapanda kupeza lenileni aika lina."

"Aike linalo. Mapepala a Kilifi onse ndi anzeru. Ine nditsegulitse lero, amalume akamva ndiwauza chiyani? Kuti laibulale ya ku Sikotilandi yandilamula? Belu lalira, mlamu. Mupatseni moni Erin."

Anadula.

Chifukwa chenicheni sindinawauze. Clifton anati ndisauze munthu, ndipo ndinali nditauza kale mmodzi. Komanso si nkhani yoti mkazi n'kumauza akulu ake a mwamuna wake. Madzulo ake ndinachapa makatani omwe sanade. Ndinayenda ndi Erin m'mbali mwa ngalande, iye akuwerenga abakha, ine ndikuwerenga masiku. Anatsala atatu.

Lachitatu ndinadikira nthawi yomwe a Goodwell amapuma masana. Ndinaimba ya vidiyo. Anayankha ali pansi pa mtengo, choko chili pa kolala.

"Mlamu, ngati ndi za dzulo zija..."

"Ndi zomwezo. Alamu, mundikhululukire, ndilankhula mawu osayenera. Mungomva, kenako muweruze."

"Nenani."

Ndinayang'ana khoma, osati foni. Ndinawauza zomwe Mayi 14 ananena, mawu ndi mawu, monga mmene ndimawerengera dokotala dzina la mankhwala.

"Eya," anatero iwo, akukanda m'khosi. "Mayiyo anali woyembekezera. Ndiye?"

"Mng'ono wanu analemba m'Chingerezi kuti madzi akusowa, mayi watha miyezi iwiri osathira madzi m'thupi."

"Analemba chiyani?"

Ndinabwereza.

"Kilifi?"

"Eya."

"M'buku?"

"Tsamba 11. Pambuyo pake anakonza, koma lokonzalo lili m'sutikesi. Lomwe akufuna kuika Lachisanu ndi lolakwikalo. Ndipo aliika poyera, alamu, laulere. Aphunzitsi anzanu aliwerenga pa foni pansi pa mtengo womwewo."

Chithunzi chinagwedezeka. Ndinaona thambo, masamba, kenako mchenga. Ndinamva a Goodwell akuseka, kuseka kwa m'mimba kwenikweni.

"Mwana wa m'tauni! Madigiri atatu! Ndinkamuuza ine, bwera ku holide udzakhale ndi anthu, iye ayi, kuli udzudzu. Kusamba! Mayo ine, Kilifi!"

Kusekako kunapitirira mpaka kunasintha. Ndinadikira. Ndinkaona nyerere ikuyenda pa mchenga wa ku Ntcheu. Ataidzutsa foni, maso awo anali ofiira.

"Amalume ndilankhula nawo ndekha," anatero. "Tsegulani. Koma ndikhale ndikuona, ndipo mutenge pepala lokhalo. Mukatha mubwezeremo."

Ndinaimika foni pa botolo la mafuta. Ndinakwera pampando, ndinatsitsa sutikesi. Nditatsegula munatuluka fungo la jekete lake. Nseru inabwera, ndinaimeza. Laputopu inali pansi pa majuzi. Mawu otsegulira ndinkawadziwa, chifukwa Erin ankaonerapo makatuni.

Mafayilo a pepalalo analipo asanu ndi awiri. Ndinawawerengera a Goodwell mokweza.

"Yomaliza. Yomaliza 2. Yomaliza yeniyeni. Yomaliza yeniyeni 2. Iyi ndiye. Basi ndatopa."

"Ameneyo ndi Kilifi," anatero iwo. "Kutsanzika kasanu asanatuluke pakhomo. Yachisanu ndi chiwiri?"

"Maness wawina."

Ine ndinaona kuti batire latsala pang'ono, ndinapita kukafuna chaja. Nditabwera ndinatsegula fayiloyo, ndinatsika mpaka tsamba 11. Mayi 14 analipo. Tsopano pankati mjigo uli kutali, ndipo azimayi oyembekezera ndi omwe amavutika kwambiri kusenza madzi. Panali ndime yatsopano yonse ya nkhani imeneyo. Sindinkadziwa kuti anawonjezera ndime.

Umboni ndinaupeza mu imelo. A magazini anamulembera kuti talandira, tavomera, ndipo pansi pake panali fayilo ya dzina lomwelo. Ndiye kuti mzungu wina kwinakwake analandira chinthu cholembedwa kuti Maness wawina, n'kuchisunga osafunsa. Ndinatumiza zonse ziwiri kwa a Bessie, a Goodwell akuona. Ndinazimitsa, ndinabwezera pansi pa majuzi. Ndinaonjezamo nsapato zija. Ndinakhoma.

"Mwaona, alamu?"

"Ndaona, mlamu. Mwadya koma?"

"Ndidya."

Lachinayi m'mawa a Bessie anandiitana. Anati apulofesa aona imelo ija, avomera, ndipo akhala nthawi yaitali akuyang'ana tsamba 11. Ati mzere wakale uja anali atauika kale m'zophunzitsa zawo, akauchotsa.

Ndinakhala pambali pawo akudzaza fomu pa kompyuta. Dzina la mlembi. Dzina la magazini. Tsiku lovomera. Nambala ya thandizo la boma. Chilolezo choti aliyense awerenge, akopere, agawire ena, bola atchule mwini wake. Anandifotokozera bokosi lililonse ngakhale sindinafunse. Dzina la fayilo anati ayenera kulisintha, likhale la manambala monga onse.

"Sinthani," ndinatero.

"Simukufuna ndikusungireni lakalelo penapake?"

"Lili m'sutikesi."

Anadina. Kanthu kobiriwira kanayenda pa sikirini mpaka kumapeto. Basi. Ndinkaganiza kuti zitenga nthawi.

Ananditumizira linki pa foni, ine ndinaitumiza kwa a Goodwell. Tiyi asanazizire yankho linabwera: "Latseguka. Sanafunse kalikonse. Ndili pa tsamba 11. Ndawaonetsa ahedi." Kenako linanso: "Ahedi akuti ndime ya azimayi oyembekezerayo ndi yoona, akazi awo ankavutika chimodzimodzi."

Ndinawawerengera a Bessie. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Ine ndinayang'ana mabini pawindo. Munthu wina ankaponyamo makatoni, limodzi limodzi.

"Amayi anga sanandiphunzitse mawu amenewo," anatero iwo. "Zimenezo ankandiuza m'Chingerezi, mofulumira, atayang'ana kumbali. Tandiuzeninso, ndisadzachite ngati malemu. Munthu amanena bwanji?"

"Amati, miyezi iwiri yakwana sindinasambe."

"Miyezi iwiri ya-kwa-na," anabwereza, lilime likukoka. "Sindina-sambe. Choncho?"

"Choncho."

"Nenaninso. Inu mumanena bwino."

Ndinanenanso. Ulendo uno ndinadzimva. Ndinawerenga chobwerera: maliro, ndege, Ntcheu, ndege, makatani, basi, jekete. Sindinadabwe. Zinali ngati kupeza kiyi m'thumba lomwe unafufuzamo kale.

A Bessie anali akundiyang'ana. Sanandifunse m'Chingerezi.

"Mama," anatero. "Inuyo?"

"Miyezi iwiri yakwana."

Anaika dzanja lawo pa langa. Linali lofunda chifukwa cha kapu. Ndinalisiya pamenepo pang'ono, kenako ndinayang'ana nthawi. Erin amatuluka 12 koloko, ndipo ukachedwa amakulembera m'buku.

"Kuchipatala amafuna uyambe waimba foni, kapena umangopita?" ndinafunsa.

"Mumaimba. Ndikulemberani nambala."

Analemba kuseri kwa tsamba loyamba la pepala lolakwika lija, lomwe linali likadali patebulo. Ndinang'amba kachidutswa ka nambalako n'kuika m'thumba la jekete. Masamba otsalawo ndinawafunsa kuti amataya kuti. Anandilozera makina odula mapepala pakona. Ndinaika tsamba 11 poyamba, kenako enawo, ndipo ndinapita kukadikira basi.